Chilembo Chimene A Namakhwa Anakonza

Anandilanda kompyuta yomwe sinali yanga, koma m'kati mwake munali ntchito yanga ya miyezi isanu ndi itatu. Anaitenga ndi mng'ono wawo wa malemu, tsiku lachitatu titachoka kumanda. Anaikulunga m'bulangete n'kuikweza pa lole pamodzi ndi matiresi ndi njinga, ulendo wa ku Mulanje. Ine ndinangoima ndikuyang'ana. Ndikanaletsa ngati ndani? Sindinali mwana wawo, sindinali mphwawo, ngakhale wantchito wawo sindinali.

Malemuwo ndi Abambo Wilisoni Namakhwa, amene anali ndi kashopu kolembera makalata ndi kusindikiza makadi a ukwati kuseri kwa msika wa Mchesi. Ambiri dzina lenilenilo sankalidziwa. Ankangoti a Dinani, chifukwa ukawauza kuti chinthu chatheka, iwo sankati zikomo kapena wachita bwino. Ankaloza mausi n'kunena kuti, "Dinani tione."

Mwezi wakwana chimwalirireni. Pa maliro anthu anaima n'kumanena kuti anali munthu wofatsa. Bodza. Anali wamakani, wosamva za mnzake, ndipo anandiwonongera mwayi umodzi wokha umene ndinapeza chisiyireni sukulu.

Anayamba ndi mataipi. Ankakonza makina olembera m'maofesi a boma ku Zomba, ndipo likulu litasamuka, iwonso anasamuka nawo makinawo. Mataipi atatha ntchito anawauza kuti akapume. Anzawo anabwerera kumudzi kukalima nandolo. Iwo anagula kompyuta yakale pa okishoni n'kuyamba kuiphunzira ali ndi imvi. Loweruka lililonse ankapita m'tauni ku malo a intaneti, kulipira theka la ola, kusindikiza masamba ophunzitsa kulemba mapulogalamu, n'kudzawasoka ndi ulusi ngati buku. Kiyibodi ankaimenya ngati akumenya taipi, mpaka zilembo zinafufutika. Anazilembanso ndi penti ya zikhadabo ya akazi awo, yofiira. Madzulo kompyutayo ankaifunditsa chitenje. Ukaika kapu ya tiyi patebulo pake, ankaitenga osalankhula n'kukaiika panja pa khomo, pansi.

Koma matenda awo aakulu anali kalembedwe. Lamulo lakuti pambuyo pa i ndi e pamabwera r ankalisunga kuposa malamulo a kutchalitchi. Ali m'minibasi ankawerenga zikwangwani za m'mbali mwa msewu mokweza n'kumazikonza. Tsiku lina kunabwera bambo wina wa ku Biwi ndi pepala la khadi la ukwati wa mwana wake, atalemba kuti chikondwelelo. A Namakhwa anasindikiza chikondwerero.

"Ine sindinalembe choncho," anatero bamboyo.

"Ndaona. N'chifukwa chake ndakonza."

"Ukwatiwu ndi wa mwana wanga kapena wanu?"

"Mwana ndi wanu, achimwene, koma Chichewa si chanu nokha."

Bamboyo anatenga pepala lake n'kupita kwina. A Namakhwa anakhala tsiku lonse ali okondwa ngati apata.

Ine ndinafika pa shopuyo kudzalembetsa kalata yofunsira ntchito. Ndinasiya sukulu Fomu 3, zifukwa zake si za pano. Anaiwerenga kalatayo, n'kundifunsa ngati ndikufuna ntchito kapena ndikufuna kuseketsa anthu. Ndinawayankha kuti ngati akudziwa kwambiri andipatse makinawo ndilembe ndekha. Anasuntha mpando. Kuyambira pamenepo, masana aliwonse makasitomala akachepa, kompyuta inkakhala yanga. Ankanditchula kuti a Fomu Fili, mwaulemu wonyoza, mpaka tsiku lomaliza.

Pulogalamu ya pa kompyuta, ija yokhala ndi zenera ndi mabatani, ili ndi chinthu chimodzi chimene anthu odina sachidziwa. Batani palokha silichita kanthu. Ukalidina limangokuwa kuti ndadinidwa, basi. Ntchito yeniyeni, kaya kusunga dzina kaya kusindikiza khadi, imagwiridwa ndi kachigawo kena ka pulogalamu kolembedwa pena. Wolemba pulogalamu ayenera kulumikiza ziwirizi, kuti batani likakuwa kachigawo kaja kamve. Akapanda kutero, batani limakuwa popanda womva.

A Namakhwa ankalumikiza pamanja. Batani lililonse mzere wakewake, wonena kuti batani lakuti likakuwa, amve ndi uje. Mabatani makumi anayi, mizere makumi anayi. Ankati kumeneko ndi kuika waya, ndipo ankaikadi ngati munthu wa magetsi, mmodzimmodzi, akung'ung'udza nyimbo.

Ine ndinapeza njira yachidule m'masamba amene iwo omwe anasoka. Kachigawo kaja umangokapatsa dzina lofanana ndi la batani, kenako pamwamba pake umaika kamzere kakafupi koyamba ndi chilembo chija cha m'maimelo, a wozunguliridwa ndi mchira wake. Kamzereko amakatcha dekoleta. Makina amayang'ana mayina, akaona kuti akufanana amalumikiza okha. Ndisanaike dekoleta, pulinta inkatulutsa khadi lililonse kawiri, chifukwa batani limakuwa mwa njira ziwiri ndipo kachigawo kanga kankamva zonse. Nditaika, khadi linatuluka limodzi. Ndinadzimva ngati injiniya.

"Madala, tabwerani muone. Mizere yanu ija ndaitaya yonse."

Anavala magalasi n'kuwerama. "Kachipewa aka n'kachiyani?"

"Ndi dekoleta."

"Ndi chipewa. Mwaiveka pulogalamu zipewa ngati ikupita ku ukwati. Dinani tione."

Ndinadina. Zinatheka. Ndinadina lina, zinathekanso.

"Chabwino. Tsopano mundipangire kuti dzina lililonse likalembedwa, pambali pake pabadwe batani lolifufutira."

Ndinapanga. Mabatani anabadwa, kundanda bwinobwino. Ndinadina loyamba. Zii. Lachiwiri. Zii.

"Nanga chipewa chanu chapita kuti, a Fomu Fili?"

Ndiye kuti masamba aja anawawerenga kalekale n'kuwakana. Anandifotokozera, ndipo anabwerezanso kambirimbiri m'masabata otsatira mpaka ndinkamva mutu. Chipewa chimavekedwa pulogalamu isanadzuke, ndipo mayina amafananizidwa kamodzi kokha, zenera likamatseguka. Batani lobadwa pambuyo pake limapeza kuti kulumikiza kunatha kale. Chinanso, chipewa sichidziwa batani, chimangodziwa dzina. Dzina likasiyana pang'ono sichidandaula, chimangokhala chete. Pomwe ukaika waya pamanja n'kutchula batani lomwe kulibe, pulogalamu imakana kutseguka n'kukuuza mzere umene walakwitsa. Ankati iwo amakonda chinthu cholira chikapweteka, osati chofa chikumwetulira.

Mabatani obadwa pambuyo aja ndinawaikira waya. Ena onse ndinawasiya ndi zipewa zawo. Zinkagwira, ndiye ndikanavutikiranji?

Mwayi unabwera kudzera pa makadi a ukwati. Mayi wina, mwini sukulu ya pulaiveti ku Area 25, anabwera kudzasindikiza makadi a mwana wake n'kundipeza ndikusewera ndi zenera langa. Ankafuna pulogalamu yolembera ana a sukulu ndi kuwasindikizira makadi, komanso munthu woti azikhala pa kompyuta mu ofesi. A Namakhwa anawauza mosabisa kuti ine ndilibe setifiketi.

"Ine mapepala sindidya," anatero mayiyo. "Andionetse kuti chikugwira, ntchito ndi yake."

Palibe wina amene ananenapo mawu amenewo kwa ine. Kulikonse kumene ndinapita ankayamba ndi kufunsa pepala, ndisanakhale n'komwe pansi. Ndinalemba pulogalamuyo miyezi isanu. Ndinkaidina tsiku ndi tsiku mpaka chala chinkauma.

Titatsala tsiku limodzi kuti tipite, masana ndinachoka kukameta ndi kukabwereka nsapato kwa alamu anga. A Namakhwa anatsala ndi kompyuta, ati angoyang'ana. Batani lalikulu, lolembera mwana watsopano, ndinali nditalitcha lembela, pankhope pake ndi m'kati momwe. Iwo anatsegula zenera, anaona l, n'kuika r. Monse muwiri. Kachigawo kanga kanatsala ndi dzina lakale, chipewa chili kumutu. Sanandiuze.

M'mawa tinanyamula bokosi la kompyuta n'kukwera minibasi, ine nditalifungata pamiyendo. Kondakitala anati wailesiyo ilipire mpando. A Namakhwa anamuyankha kuti wailesiyo ili ndi nzeru kuposa iye ndi dalaivala wake kuphatikiza, ndipo basi yonse inaseka. Anali osangalala tsiku limenelo. Anavala tayi.

Mu ofesi munali mayi aja ndi mphunzitsi wamkulu. Ndinalumikiza zonse, zenera linatseguka, lokongola, dzina la sukulu pamwamba. Mayiyo anati ndilembe dzina la mdzukulu wawo. Ndinalemba.

"Dinani," anatero a Namakhwa, monyada.

Ndinadina. Palibe. Ndinadinanso. Palibe uthenga, palibe phokoso, palibe chilichonse. Batani linkalowa n'kutuluka ngati lili bwinobwino.

"Mwina yachita manyazi," anatero mphunzitsi wamkulu.

Ndinazimitsa n'kuyatsanso. Ndinagwada pansi kuyang'ana mawaya a pulinta, omwe analibe mlandu. Ndinayang'ana paliponse kupatula pomwe panali vuto, chifukwa panalibe chondilozera. Thukuta linkagwera pa kiyibodi. Nsapato zobwereka zinkandiluma. Mayiyo anayamba kuyang'ana wotchi. Kenako kumbuyo kwanga ndinamva kutsokomola.

"Mayi, cholakwa ndi changa. Dzulo ndinakonza chilembo chimodzi."

Ndinatembenuka kuwayang'ana. Ndinamvetsa nthawi yomweyo. Ndinatsegula kachigawo kaja, ndinachotsa l n'kuika r, ndinayatsanso, n'kudina. Dzina la mdzukulu linalowa, khadi linatuluka m'pulinta. Sizinatenge mphindi imodzi. Mayiyo anatenga khadilo, analitembenuza, anamwetulira pang'ono. Ndinaganiza kuti ndapulumuka.

"Ndiye chinthuchi chimafa ndi chilembo chimodzi?" anafunsa.

Ndinayamba kufotokoza kuti chilembocho si cha mayina a ana, ndi cha m'kati, sangachikhudze wina aliyense. Anandiimika ndi dzanja.

"Dikira mwanawe. Abambo, inu ndinu wamkulu. Ndiuzeni zoona, ndisadzalire pakati pa teremu. Pulogalamuyi ndi yolimba?"

Akanangoti eya. Liwu limodzi. Mayiyo ankafuna kumva eya, ndinawaona m'maso. A Namakhwa anakonza tayi n'kunena kuti, "Ikugwira, mayi, koma kulimba ayi. Yalumikizidwa ndi mayina, osati ndi waya. Tsiku lina wina adzasintha kanthu, iyo idzangokhala chete ngati mwaoneramu."

Kenako a Namakhwa anapempha mayiyo kuti andipatse nthawi ndiikonze. Mayiyo anaika khadi patebulo n'kunena kuti ndibwere tsiku lotsegulira sukulu mu Januwale. Likadutsa tsiku limenelo alemba munthu wa setifiketi, chifukwa ofunsira alipo kale.

Pobwerera, minibasi itadutsa Area 18, ndinawatembenukira.

"Munachita dala," ndinatero.

"Dzanja linakonza lokha. Zaka makumi atatu likukonza."

"Inu amene mumandiimbira nyimbo ya mayina tsiku ndi tsiku? Simunadziwe kuti batani lifa?"

Anayang'ana panja pa zenera, ine ndinapitiriza.

"Nanga pakamwa panayankhanso pokha?"

"Anandifunsa."

"Mukanangoti eya, madala! Mukanataya chiyani?"

"Ndikanati eya, bwenzi tsiku lina ikufa muli nokha mu ofesi muja, ine kulibe."

Mayi wina amene anakhala pambali pathu anati tizikakanganira kunyumba, bokosilo likumukanda mwendo. Mpaka lero sindikudziwa ngati anasintha chilembocho mwadala. Ndinawafunsanso kawiri pambuyo pake. Ulendo woyamba anati ayi. Wachiwiri anati funso limenelo silikonza pulogalamu.

Ndinakhala masabata awiri osaponda ku Mchesi. Tsiku lina m'mawa ndinawapeza ataima pa khomo la achemwali anga ku Chipasula, akupuma movutikira, atayenda wapansi. Sanapepese. Anangoti kompyuta ikuchita fumbi, n'kutembenuka. Ndinawatsatira, chifukwa kwina koti ndipite kunalibe.

Ndinavula zipewa zonse. Mabatani analipo makumi anayi ndi limodzi, ndipo lililonse ndinaliikira waya wake pamanja. Kulembako sikunatenge nthawi. Chimene chinatenga nthawi ndi iwowo. Anakana kuti batani liwerengedwe kuti latha asanalione ndi maso awo. Ndidine, ligwire. Kenako ndisinthe dzina lake mwadala, tione ngati pulogalamu ilire. Ikalira ndibwezere dzina, ndidinenso, ndiyesenso ndi dzina lalitali, ndi dzina lopanda kanthu, ndi mwana wolembedwa kawiri. Zikatero ankachotsa pensulo kukhutu n'kulemba kamzere kamodzi pakhoma, pambali pa zenera.

Tsiku labwino tinkamaliza awiri. Masiku ambiri limodzi, ena osamaliza n'limodzi lomwe. Magetsi ankathima, inali nyengo ya maukwati, ndiponso iwo ankatopa msanga. Miyendo inali itayamba kutupa, nsapato ankangoponda kumbuyo. Ndinawauza kuti ndikhoza kuyesa onse ndekha tsiku limodzi. Anati kuthamanga n'kumene kunandiveka zipewa, ndipo sadzaimanso pamaso pa mayi aja kunena kuti chinthu n'cholimba asanachigwire. Tinakangananso. Ndinawatchula kuti nkhalamba yochedwetsa anthu. Anati eya, ndipo nkhalambayo ndiye mwini soketi.

Lachinayi lina mu Disembala sanatsegule shopu. Anawatengera kuchipatala. Ndinapita kukawaona kamodzi. Anali ndi paipi pamphuno, koma anapeza mpweya wondiuza kuti chikwangwani cha pa khomo la wodi chalembedwa molakwika. Za pulogalamu sananene kanthu, inenso sindinanene. Patapita masiku anayi anamwalira.

Lole itachoka ndi kompyuta, ndinakumbuka kuti Loweruka lililonse a Namakhwa ankakopera ntchito yathu pa fulashi, kachipangizo kakang'ono kosungira za pa kompyuta. Ndinapita kwa akazi awo. Anafufuza m'sutikesi, m'Baibulo, m'chitini cha mabatani a malaya. Kenako anakhala pansi n'kugwira pakamwa.

"Mayo ine. Anasoketsa kathumba m'kati mwa jekete, ati kuopa akuba a pa depoti. Kanthu kaja ankasunga mmenemo."

"Jekete yake ili kuti, amayi?"

"Ndi imene tinawaveka ija, mwanangu."

Ndinaseka. Panyumba ya maliro, anthu ali pa mphasa, ine ndinaseka mpaka misozi. Amayi ena anandiyang'ana ngati ndaledzera.

Ndinapeza nambala ya mng'ono wawo uja n'kumuimbira. Ndinamupempha kuti asakhudze chilichonse, ndibwera ndidzangokopera zanga, kompyuta ikhale yake. Anati ndachedwa. Anaipereka kwa munthu wina wa pa boma kuti aichotse zinyalala zonse n'kuikamo nyimbo ndi mafilimu, ndipo tsopano ikuyenda bwino kwambiri.

Tsiku lotsegulira sukulu ndinapitabe ku Area 25, chimanjamanja. Sindikudziwa chimene ndinkayembekeza. Mayi aja anandilandira bwino. Anati pepani ndi maliro, abambo aja anali munthu woona. Ndinapempha miyezi itatu ndi kompyuta ya sukulu kuti ndilembenso. Anati ana afika kale, sangadikire. Kumbuyo kwawo kunali mtsikana wovala bwino akulemba mayina a ana pa kompyuta, mmodzimmodzi, ndi zala ziwiri. Setifiketi anali nayo.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti zonse zimene ankanena zokhudza zipewa zinali zoona. Ndazitembenuza m'mutu kufuna pomwe analakwitsa, sindinapapeze. Koma zoonazo sizinandipatse ntchito. Pulogalamu ya zipewa ija ikanagwira chaka, mwina ziwiri, ine ndili pa mpando, ndipo ikanafa ndikanaikonza mwakachetechete, monga amachitira anthu onse a setifiketi. Iwo anasankha kuti ikhale yolimba, ndipo pano kulibe ya zipewa, kulibe ya waya. Ndimadziwa kulumikiza batani moyenera kuposa aliyense mu Mchesi muno, ndipo ndilibe podina.

Dzulo ndinadutsa pa shopu. Mwini nyumba waibwereketsa kwa wometa, ayamba sabata ya mawa. Chitseko chinali chotsegula kuti mupite mphepo. M'katimo mulibe kanthu. Pasimenti patsala mabala anayi pomwe panali miyendo ya tebulo, ndi malo osalala pomwe mapazi awo ankapekesa. Soketi anaizula, patsala dzenje ndi nsonga ziwiri za waya zokulungidwa ndi pulasitiki. Pa khomo panali chidebe cha laimu ndi burashi, wopaka atapita kukadya.

Khoma la pambali pa zenera anali asanalifike. Timizere ta pensulo tinalipo, tisanutisanu, towongoka ngati tolembedwa ndi lula. Ndinawerenga. Makumi awiri ndi tisanu ndi tinayi. A Namakhwa anali atandilonjeza kuti mabataniwo tidina onse pamodzi. Anapita atatsala khumi ndi awiri.